Magalasi a Bambo Silas Pamwamba pa Linga

Amene anayambitsa zonse anali a Darlington, mlembi wa mpingo, ndipo sanachite dala. Linali Lamulungu lina m'mwezi wa Malichi, chaka cha 2009, m'holo ya ku Braunstone, mumzinda wa Leicester ku England, imene Amalawi ndi anzawo a ku Zambia ankabwereka popemphera. Atatha kulengeza za kwaya ndi za tiyi, a Darlington anakweza mutu nati:

"Komanso mlongo wathu Nellie ali pa ulendo Lachinayi lino, milungu iwiri. Tiwakumbukire m'mapemphero, akapeze onse ali bwino kumudzi."

"Ameni!" holo yonse inayankha.

Nellie anali atangowauza a Darlington kuti asamuike pa ndandanda ya ophika tiyi chifukwa achokapo. Mawu oti kumudzi anawonjezera okha. Nanga ndani akanawadzudzula? Mmalawi wa ku Leicester akatenga holide ya milungu iwiri amapita kwina kuti? Nellie akanatha kukweza dzanja pomwepo n'kukonza. Dzanjalo linakhalabe pamwendo, litagwira buku la nyimbo.

Zoona zake zinali zoti Nellie ankapita ku China, ndipo kunalibe m'bale, kunalibe maliro, kunalibe ukwati. Ankapita kukaona linga.

M'chipinda chodyera antchito, kunyumba yosamalirako okalamba ku Oadby kumene ankagwira ntchito ya unesi, munali kalendala yakale imene palibe anaichotsa. Inali ndi chithunzi cha linga lalitali la njerwa zotuwa, lozungulira tauni yonse, m'kati mwake muli madenga okhaokha opindika m'mbali. Chaka chathunthu Nellie ankadya nkhomaliro akuyang'ana chithunzicho. Amene anazindikira anali Shirin, nesi mnzake, Mmwenye wobadwira ku Limbe amene makolo ake anasamukira ku Leicester iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chichewa cha Shirin chinaima pa zaka zomwezo: aliyense kwa iye anali iwe.

"Iwe Nellie, zaka zisanu ndi ziwiri uli kuno, waona chiyani? Bwalo la ndege, Lilongwe, maliro, bwalo la ndege. Tiye tikaone linga lakolo usanalibowole ndi maso."

Nellie anaseka, kenaka anasiya kuseka. Maulendo ake anayi onse anali a maliro kapena matenda, atanyamula masutikesi awiri odzaza katundu wa anthu ena. Anavomera. Mayi ake ku Area 25 anawauza kuti chaka chino ntchito yamukaniza kubwera. Tsono akanati aime m'tchalitchi n'kunena kuti akupita ku China kukayenda, nkhaniyo ikanafika ku Area 25 dzuwa lisanalowe.

Mapemphero atatha, anthu anamuzungulira monga amachitira ndi aliyense wopita kumudzi. Uyu ali ndi kaphukusi kakang'ono chabe, uyo kanthu kopepuka, ndipo Nellie ankadziwa kuti kanthu kopepukako ndi nsapato mapeyala atatu ndi ketulo.

"Pepani abale, ulendo uno ndilibe sutikesi," anatero. "Ndikungotenga chikwama chobereka kumsana."

"Kumudzi ndi chikwama cha kumsana ngati mzungu?" anakuwa amake Chipo, mayi wa ku Lusaka wa mawu aakulu. "Imwe, bazakubwezani pa geti! Bazakamba ati uyu bamuchita dipoti!"

Onse anaseka, Nellie nayenso anaseka, ndipo anatuluka opanda phukusi la munthu. Anaganiza kuti wapulumuka.

Lachitatu masana, akupinda zovala m'kanyumba kake ku Beaumont Leys, anamva kugogoda. Anali a Regina, atavala yunifolomu ya kuntchito pansi pa jekete, atakwera mabasi awiri kuchokera ku Braunstone. A Regina ndi amene anamulandira Nellie atangofika ku England, anamugoneka pa sofa milungu isanu ndi umodzi, namuphunzitsa kukwera basi ndi kuyatsa hita. Iwo anabwera mu 2001 ngati mlendo ndipo mapepala awo anali asanatuluke mpaka tsopano. Akanati atuluke m'dzikolo, sakanaloledwa kubwereranso kwa mwana wawo.

"Ndamva kuti mwakana onse, a Nellie," anatero atakhala pansi. "Nanenso mukhoza kundikana. Koma taonani kaye."

Anatulutsa kabokosi kolowa m'dzanja, kokulungidwa m'sokosi. M'katimo munali magalasi a maso, ochindikala, a felemu yakuda.

"Ndi a ababa. Anakawayeza ku Ntcheu, pepala ananditumizira, ndapangitsa konkuno. Oyamba ndinatumiza pa positi, anafika galasi limodzi litasweka. Zaka zitatu tsopano Baibulo amachita kuwawerengera, munthu amene anali mphunzitsi moyo wake wonse. Ndiye palinso ichi."

Chinali chithunzi cha mwana wawo Tiyanjana, wa zaka zisanu ndi chimodzi, atavala yunifolomu ya sukulu, akumwetulira mano a kutsogolo mulibe. Kuseri kwake mwanayo analemba ndi zilembo zazikulu zokhota: AGOGO NDINE TIYANJANA.

"Zithunzi zina ndinatumizako, koma amangozipapasa ndi zala. Amati, kodi akufanana ndi ndani? Ndikufuna avale magalasiwa, chinthu choyamba kuona chikhale nkhope iyi. Kuchoka ku Lilongwe ndi maola awiri okha. Mukatsikira pa Nsipe, mukangofunsa kwa aphunzitsi a Silas, ngakhale mbuzi ikakulozerani."

Nellie anayang'ana chikwama chake chatsopano chofiira chimene chinali pabedi. M'thumba la pamwamba munali pasipoti yokhala ndi viza ya zilembo za Chitchaina. Anafuna kunena zoona. Koma a Regina anali atatambasula kale manja onse awiri, ndipo Nellie, monga analeredwera, anatambasula ake awiri n'kulandira.

"Ndikafikitsa, achemwali."

Anadziuza kuti pabwalo la ndege sipalephera Mmalawi wopita kumudzi. Ndipo anamuonadi, mayi wina wamtali ali pa mzere wa ndege yodzera ku Nairobi, atamanga kansalu ka chitenje pa sutikesi. Nellie anayenda mpaka kufika pafupi. Kenaka anaganiza za mafunso: mumakhala kuti, mumapemphera kuti, nanga inuyo mukupita kuti? Amalawi a ku England ndi mudzi umodzi. Shirin anamuitana cha uko, ndipo Nellie anatembenuka. Milungu iwiri si chaka, anatero mumtima. Ndikabwerako ndidzapeza munthu, a Regina ndidzawauza kuti mayendedwe anavuta.

Anakhala masiku anayi ku Beijing, kenaka anakwera sitima yopita ku Pingyao, tauni ya pa kalendala ija. Anafika m'mawa, kukuzizira, fungo la utsi wa malasha lili ponseponse. Njinga ya matayala atatu inawasiya pa chipata, ndipo Nellie anaima, chikwama kumsana, khosi litapindikira kumwamba. Linga la Yeriko limene analimva kuyambira ku Sande sukulu ankaliona m'maganizo ngati mpanda wa njerwa wa ku Area 10. Ili linali phiri lomangidwa ndi manja. Chipata chake chinali ngati phanga, ndipo miyala ya pansi inali ndi mikwasa yakuya imene matayala a ngolo anaisiya kalekale.

"Tseka pakamwa, ntchentche zilowa," anatero Shirin.

Anayenda wapansi m'tinjira topapatiza, akupatukira njinga ndi ngolo za malasha. Nyumba yogona alendo inali ya mayi wina wachikulire dzina lake Mayi Liang, wodziwa Chingerezi chongokwanira kulandira alendo ndi kuwakalipira. Zipinda zinazungulira kabwalo ka pakati, ndipo bedi linali lomanga ndi njerwa, lotenthetsa ndi moto kunsi kwake.

"Ndagona pa uvuni ngati sikono," anatero Nellie m'mawa mwake, ndipo anaseka mpaka misozi.

Chimene chinadzamupweteka pambuyo pake n'chakuti masiku amenewo anasangalala zenizeni. Palibe belu la wodwala limene linamuitana. Palibe anamupempha kanthu. Anaima nthawi yaitali kuonerera bambo wina atanyamula mtanda wa ufa paphewa, akuusenga ndi mpeni, tizidutswa tikuulukira m'poto wowira osaphonya ngakhale kamodzi. Anadya chakudyacho chothira viniga wakuda, milomo ikuyabwa ndi tsabola. Amayi okalamba ankamuimitsa pamsewu, kumugwira tsitsi lake loluka, kuitana anzawo, kujambulitsa naye. Ku Leicester zimenezi zikanamukwiyitsa. Kuno ankangoima n'kumwetulira ngati mkwatibwi.

Koma kabokosi kaja sankakasiya m'chipinda, kuopa kuti kangasweke kapena kusowa. Kankakhala m'thumba la m'kati la jekete, ndipo akawerama kankamugunda nthiti.

Lachitatu la mlungu wotsatira kunabwera meseji ya a Regina. "Mwafika bwino? Ababa akuti tambala wanu wamangidwa kale mwendo. Tsiku lililonse akumavala jekete n'kukhala pakhonde. Mupita liti?"

Nellie anayankha ali pa benchi, pafupi ndi kachisi wa denga lobiriwira. "Ndafika bwino. Ndipita Loweruka." Anazimitsa foni, n'kukagula mapeyala a kumeneko, aja otsekemera ngati madzi a shuga.

Lachisanu masana anakwera pamwamba pa linga. Pamwambapo panali potakata moti ngolo ikanatha kuyendapo, ndipo anauzidwa kuti kulizungulira lonse ndi makilomita asanu ndi imodzi. Kudzanja lamanja kunali madenga otuwa a tauni yakale, nkhunda, zovala zoyanika, mayi akusesa kabwalo kake osadziwa kuti akuonedwa. Kudzanja lamanzere, kunja kwa linga, kunali nyumba zosanja zatsopano ndi machumuni a mafakitale. Mphepo inkaomba fumbi. Nellie anatambasula manja ngati mwana.

"Ndijambule, Shirin! Ndalowa m'kalendala!"

Atayenda ngati theka la ulendowo anayatsa foni kuti aone nthawi. Inanjenjemera kawiri.

Meseji yoyamba inati: "Ababa atisiya m'mawa uno. Anangogwa pakhonde. Maliro mawa masana."

Yachiwiri inati: "A Nellie, inu ndi amene muli pafupi. Chonde mukandiimirire. Magalasi ndi chithunzi mukaike m'bokosi, mukaponye dothi m'malo mwanga. Achimwene akuti satseka bokosi mpaka mutafika."

Nellie anakhala pansi pa njerwa zozizira, msana atatsamira khoma. Shirin anabwerera, nawerenga mameseji onse awiri, ndipo Nellie anamufotokozera zonse kuyambira pa chilengezo cha a Darlington. Shirin anamvetsera atagwira m'chiuno.

"Iwe ndiwe wopusa," anatero, koma mofatsa. "Ndege palibe yokafika mawa, usaganize n'komwe. Nena kuti wadwala malungo. Aliyense akapita ku Malawi amadwala malungo."

Nellie anayamba kulemba. Analemba kuti, Pepani achemwali, ndagonekedwa. Chala chinaima.

"Akamva zimenezi atuma munthu ku Area 25 kuti akatenge magalasiwa," anatero. "Akafika kwa amayi anga. Amayi akati, Nellie wake uti? Wanga ali ku England."

"Ndiye zimitsa foni. Nena netiweki."

"Bokosi likhale chotsegula, anthu akuyang'ana kumsewu?"

Awiriwo anatsika pa masitepe a chipata cha kum'mwera.

Atafika kunyumba ya alendo anapeza Mayi Liang atakhala pakabwalo, akulongedza zinthu m'dengu. Zinali zinthu za pepala zokhazokha: malaya a pepala, nsapato za pepala, kawailesi ka pepala. Ataona kuti Nellie akuyang'anitsitsa, anafotokoza m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti mawa ndi tsiku losesa kumanda, limene mabanja amakalambula manda a abale awo ndi kuwaotchera zinthu zimene angazifune kumene aliko. Anapisa m'dengu natulutsa magalasi a pepala, akuda, opanda galasi.

"Amuna anga," anatero. "Nyuzipepala tsiku lililonse. Magalasi kutaya tsiku lililonse. Ndiye chaka chilichonse ndimatumiza ena."

"Amafika?" anafunsa Shirin.

Mayi Liang anakweza mapewa. "Sanadandaulepo."

Shirin anaseka. Nellie anagwira nthiti pamene panali kabokosi, nalowa m'chipinda, nakhala pa bedi la njerwa lija. Ku Leicester inali nthawi ya m'mawa. Anaimba.

A Regina anayankha msanga, mawu atasasa ndi kulira. Kumbuyo kunkamveka amayi akuimba nyimbo ya maliro motsitsa.

"A Nellie, zikomo mwaimba. Mwanyamuka? Mukadzuke m'mamawa, basi ya sikisi..."

"Achemwali, sindili ku Malawi."

"Mwati?"

"Sindinapite kumudzi. Ndili ku China. Magalasi ndili nawo kuno."

Nellie anamva bwino mawu a nyimbo ija, ndi chitseko chikutsekedwa. A Regina anali atalowa m'chipinda china.

"Ku China," anatero pang'onopang'ono. "Ndege inasochera?"

"Ayi. N'kumene ndinkapita kuyambira pachiyambi."

"Lachitatu lija, ndili m'nyumba mwanu, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga Loweruka limene munandilembera? Ine ndinawauza ababa. Anauza mpingo wonse kuti Loweruka aona mdzukulu."

Nellie anayesa kunena kuti pepani, koma mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri. A Regina anapuma mwamphamvu.

"Ndiimbire achimwene atseke bokosi," anatero, nadula foni.

Loweruka Mayi Liang ananyamuka ndi dengu lawo m'mawa. Nellie sanatuluke. Nthawi imene anawerengera kuti kwa Nsipe akutsitsa bokosi, anakhala pakabwalo atafunda chitenje kumutu, kabokosi kali m'manja, n'kuimba yekha nyimbo ziwiri zimene ankadziwa kuti zikuimbidwa kumeneko. Panalibe womuvomera. Masiku otsalawo anatsata Shirin kulikonse kumene ankapita, ndipo chimene chinamunyansa n'chakuti njala inkamupwetekabe, ndipo chakudya chija chinkakomabe.

Anafika ku Leicester Lachinayi. Lamulungu sanapite kutchalitchi, koma ankadziwa kuti mapemphero akatha anthu akapita kwa a Regina kukapepesa, monga ankachitira Lamulungu lililonse mpaka mwezi utatha. Anavala chitenje pamwamba pa siketi, naika kabokosi m'chikwama cha m'manja, nakwera mabasi awiri omwe aja.

M'nyumba ya a Regina mipando inali itakankhidwira kukhoma. Amayi anakhala pansi pa kapeti atatambasula miyendo, abambo anayi anali pa sofa, ndipo a Regina anali pakona atavala duku lakuda. Nellie anavula nsapato pakhomo, nalowa chogwada, napatsa moni aliyense ndi dzanja. Anayembekezera nkhope zolimba. M'malo mwake amayi anamusunthira malo, ena anamusisita pamsana.

"Mwatopa, mwana wathu," anatero mayi wina. "Kuyenda ulendo wonse uja n'kukafikira pa maliro."

Pamenepo Nellie anazindikira kuti a Regina sanauze munthu aliyense.

A Darlington anakonza pakhosi. "Abale, Mulungu amakonza zinthu modabwitsa. Mlongo wathu Regina sakanatha kupita, koma mmodzi wa ife anali komweko. Mwambo wathu timaudziwa: amene wafika kumanda amafotokozera amene anatsala. A Nellie, tiuzeni. Mdala wathu anagona bwanji? Anthu anabwera? Analalikira ndani?"

Onse anatembenukira kwa iye. Nellie anayang'ana a Regina. A Regina ankamuyang'ananso, nkhope yosakwiya, yosamwetulira, manja ali pamwendo. Sanamuthandize ndipo sanamutsekereze. Maliro a kumudzi Nellie ankawadziwa bwino moti akanatha kuwafotokoza kuyambira pa nkhata mpaka pa nyimbo yomaliza, ndipo anaona m'maso mwa a Regina kuti akanati atero, iwo sakanamutsutsa pagulu. Akanangomusiya nalo bodzalo moyo wake wonse.

"Sindinafike kumaliro," anatero Nellie. "Sindinapite n'komwe ku Malawi. Ndinali ku China."

Wina anaika kapu ya tiyi pansi.

"China?" anatero amake Chipo. Kenaka nkhope yawo inawala ngati apeza poti amuthawitsire. "Oo, mwenze mwayenda kukaoda katundu! Bizinesi! Nanga simukamba?"

"Ayi, amake Chipo. Sindinakaode kanthu. Ndinapita kukayenda. Kuli tauni ina yakale yozunguliridwa ndi linga, ndinkafuna kuliona."

"Linga," anabwereza mayi wina chapansipansi, ngati akufunsa mnzake tanthauzo.

"Pakamwa panga ine," anatero a Darlington akupukusa mutu. "Ndine ndinanena za kumudzi."

"Inu munalakwitsa kamodzi, abambo, ndipo simunadziwe. Ine ndinali ndi Lamulungu lija, ndinali ndi Lachitatu achemwali atabwera kwathu, ndinali ndi tsiku lililonse pambuyo pake. Anandipatsa magalasi a bambo awo ndi chithunzi cha mwana. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinalemba kuti ndipita Loweruka, mdala n'kumandidikira pakhonde. Ndinachita manyazi kunena kuti ndikupita kokasangalala, manyaziwo ndinawalipiritsa munthu wina."

Anatulutsa kabokosi kokulungidwa m'sokosi kaja ndi envulopu ya chithunzi, nayenda chogwada kudutsa pakati pa miyendo ya amayi mpaka pamaso pa a Regina. Anatambasula manja onse awiri, mutu uli pansi.

"Achemwali, ndakulakwirani. Katundu wanu ndi uyu."

Manja a a Regina sanasunthe. Nellie anakhalabe chotambasula.

"Lingalo munaliona?" anafunsa a Regina.

"Ndinaliona."

"Ndi lalikulu?"

"Ndi lalikulu kwambiri."

"Munasangalala?"

"Ndinasangalala, mpaka Lachisanu lija."

A Regina anagwedeza mutu pang'ono. "Mukanandiuza Lachitatu lija, ndikanakusekani, mwina ndikanakunenani miseche sabata imodzi. Kenaka ndikanapatsa a Eston a mumpingo mwathu, amene ananyamuka kupita kumudzi Lolemba lake. Akanafika Lachitatu. Ababa akanakhala nawo masiku awiri." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Masiku awiri ndi ambiri, a Nellie, kwa munthu wongofuna kuona nkhope imodzi."

Kunja basi inadutsa, mawindo ananjenjemera.

A Regina anapitiriza: "Tsitsani manja. Katundu ameneyo si wanga. Ndinakupatsani kuti mukapereke kwa ababa, ndipo ababa sanasamuke, ali konkuja kuseri kwa Nsipe. Chaka chamawa achimwene adzamanga chiliza. Ine sindidzakhalako, mukudziwa. Inu mapepala muli nawo. Mudzapite, mudzaike magalasiwo ndi chithunzi pansi pa simenti asanatseke, mudzawauze ababa ndi pakamwa panu kumene munali. Mukadzabwerako mudzakhale pomwe mwakhalapo, mudzatifotokozere."

"Ndidzapita, achemwali."

"Musandilonjeze. Munalonjeza kale." A Regina anatembenukira kwa amayi a kukhomo. "Mupatseni tiyi mlendoyu, wachokera kutali."

Nellie anabwerera pamalo pake chogwada chomwecho. Amayi amene anamusunthira malo aja sanasunthenso, koma sanamuyang'ane. Wina anayambitsa nyimbo, ena anavomera. Tiyi anafika, wotentha, wa shuga wambiri, ndipo Nellie anamwa yense chifukwa kumusiya kukanakhala mwano wina.

Madzulo ake, ku Beaumont Leys, anatsitsa chikwama chofiira chija pamwamba pa wadiropu. Fumbi lotuwa la ku Pingyao linali likadali m'mizere ya zipi. Anatsegula thumba la pamwamba, naikamo kabokosi ndi chithunzi, natseka. Chikwamacho sanachibwezere pamwamba. Anachiimika pafupi ndi chitseko, pamene ankachiona m'mawa uliwonse popita ku shifti, ndipo Lolemba analowa mu ofesi ya abwana ake kukapempha holide ya chaka chamawa. Atamufunsa kuti ulendo uno akupita kuti, anatchula dzina la mudziwo, n'kuwalembera papepala kuti asalakwitse.